Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zipatala: namwino apumire kuti?

Kwa inu akuluakulu oyendetsa zipatala, amatroni athu, ndi nonse amene mumagawa ndalama za umoyo,

Mabwana anga, landirani moni. Ine ndine namwino, ndipo zaka zanga zambiri pa ntchitoyi ndazithera mu wodi ya ana, makamaka usiku. Nkhani imene ndabwera nayoyi ndainenapo kale m'misonkhano, koma nthawi zonse imaikidwa kumapeto, pamene aliyense wayamba kale kusonkhanitsa mapepala ndi kuyang'ana wotchi. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye lero ndaiika poyera kuti muiwerenge mutakhala pansi.

Ndikupempha chipinda. Chipinda chimodzi pafupi ndi wodi, chokhala ndi chitseko chotsekeka, choti namwino azilowamo mphindi 20 n'kupuma popanda womuitana. Ndikupemphanso munthu woti aziona odwala ake pa mphindi 20 zimenezo. Mukatipatsa chipindacho n'kutimana munthuyo, ndiye kuti mwangotayira ndalama pa penti.

Usiku wina, nthawi itangokwana 3 koloko, tinataya mwana wa zaka zinayi. Tinalimbana naye nthawi yaitali, wina akupopa pachifuwa, wina akumupatsa mpweya, mpaka adokotala anagwetsa manja n'kunena kuti basi. Ine ndi amene ndinachotsa kanula, kapaipi kolowetsera dripi kaja, pakadzanja kake, kumupukuta kumaso, n'kupita kukawauza mayi ake. Mayiwo anandigwira yunifolomu mwamphamvu mpaka batani linaduka. Sipanathe mphindi zisanu, pa bedi lina dripi inali itatha, ndipo mankhwala a 4 koloko anali akundidikira pa thireyi. Nditatenga sirinji ndinaona kuti manja akunjenjemera, manambala a pabotolo akusakanikirana m'maso. Ndinadziwa kuti ndikapitiriza ndilakwitsa mlingo. Ndinkangofuna pokhala pansi kwa kanthawi. Koma kuti? Ofesi ya anamwino ili ndi zenera lalikulu loyang'ana mu wodi, aliyense amakuona. M'khonde munali abale a odwala. Ndinakalowa m'chimbudzi, kutsegula mpope kuti madzi azisokosa, n'kulira nditatsamira khoma. Misozi isanaume wina anagogoda, chifukwa chimbudzicho chinali chimodzi chokha.

Funsani namwino aliyense amene wagwira ntchito zaka zingapo kuti amalirira kuti. Sadzadabwa ndi funsolo. Adzakuuzani kuti m'chimbudzi, m'kachipinda kosungira nsalu zoyala, kapena pa masitepe akumbuyo kumene sikudutsa anthu. Chipatala chili ndi chipinda cha mankhwala, cha zinyalala, cha mafayilo, cha maliro, ngakhale cha jenereta. Jenereta inaganiziridwa kuti imafuna mpweya wabwino ndi nthawi yozizira. Ife amene timaiyatsa m'mitima ya odwala tinaiwalika pojambula mapulani.

Sindikupempha chifundo chokha ayi. Ndikudziwa kuti pa tebulo lanu pamafunika manambala, ndiye nawa. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anasonyeza kuti munthu amene wakhala m'maso maola 17 amagwira ntchito mofanana ndi amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi, mlingo umene m'mayiko ambiri sakulola kugwira chiwongolero cha galimoto. Namwino amene wadzuka m'mawa, wasamalira ana ake, wayesa kugona masana koma tulo osabwera, kenako n'kuyamba shifiti madzulo, maola 17 amenewo amawakwanitsa usiku usanafike pakati. Mukanamva fungo la mowa pa iye mukanamubweza pakhomo. Koma popeza ndi kutopa, mumamupatsa makiyi a kabati ya mankhwala oopsa.

Mu 2004 Ann Rogers ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atatsatira anamwino 393 a ku America amene ankalemba tsiku ndi tsiku maola ogwira ntchito ndi zolakwika zawo. Shifiti ikafika maola 12 ndi theka kapena kupitirira, mpata wolakwitsa unkakwera pafupifupi katatu. Mu 2002, Linda Aiken anali ataunika zipatala 168 za m'chigawo cha Pennsylvania ku America komweko, n'kupeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi, mpata woti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 unkakwera ndi 7 peresenti, pomwe mpata woti namwinoyo atheretu mphamvu unkakwera ndi 23 peresenti. Manambala awiriwa anachokera mu kafukufuku mmodzi, ndipo ndikupempha kuti muziwawerenga limodzi. Kutopa kwa namwino ndi imfa ya wodwala zimayendera msewu umodzi.

Kutheratu mphamvu kumeneku, kumene m'Chingerezi amati burnout, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakulemba mu 2019 m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto a umoyo lotchedwa ICD-11. Silinakuike m'gulu la matenda. Linati ndi vuto lochokera ku ntchito, lobwera pamene kupanikizika kwa nthawi yaitali sikunasamalidwe bwino. Linatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuuma mtima kapena kudzipatula ku ntchito yako, ndi kubwerera m'mbuyo pa kagwiridwe ka ntchito. Chizindikiro chachiwiricho ndi chimene anthu amaona n'kumati anamwino ndi amwano. Sindikuikira kumbuyo mwano, ndipo ndinaonapo anzanga akuyankha odwala mawu amene ine ndinachita nawo manyazi. Komanso ndinawaona anthu omwewo tsiku limene anayamba ntchito, akugwada pambali pa bedi kuti alankhule ndi mwana maso ndi maso. Sanabadwe ouma mtima. Mtima umauma ngati chikhatho cha munthu wogwira khasu, pofuna kudziteteza. Inu mukalandira dandaulo mumatitumiza ku maphunziro a kalankhulidwe kabwino. Kalankhulidweko timakadziwa. Chimene chimasowa pa ola la 11 la shifiti ndi mphamvu yokagwiritsira ntchito.

Ndipo otopawo amachoka. Lipoti la WHO la mu 2020 linati dziko lonse linali ndi anamwino 27.9 miliyoni ndipo linkaperewera ena 5.9 miliyoni, makamaka m'mayiko osauka. Aliyense amene watula pansi ntchito amasiya odwala ake pa mapewa a otsala, otsalawo n'kutopa msanga kuposa kale. Kuphunzitsa namwino watsopano kumatenga zaka zitatu kapena zinayi. Kukonza chipinda kumatenga masabata.

Mwina wina mwa inu akuti, chipinda chingachite chiyani pa vuto lalikulu chonchi? Funso labwino, ndipo sindikunamizani kuti ndi mankhwala ochiza zonse. Koma malo amene munthu wakhala amakhudza thupi lake. Mu 1984 Roger Ulrich analemba mu magazini ya Science za odwala ochotsedwa ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Odwala 23 zenera lawo linkayang'ana mitengo, ena 23 linkayang'ana khoma la njerwa. Oyang'ana mitengo anatuluka msangako ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Patapita zaka zoposa 30, Ulrich yemweyo anali m'gulu limene linayesa zofananazo pa anamwino ku Portland, m'chigawo cha Oregon. Kwa masabata 6 anamwinowo ankapumira m'dimba la chipatala, masabata ena 6 ankapumira m'nyumba basi. Nthawi ya m'dimba, kutopa kwa mumtima ndi kuuma mtima kuja zinatsika. Anthu ake anali ochepa, 29 okha, koma zimene anapezazo namwino aliyense amazidziwa kale m'thupi mwake: kuona thambo mphindi zochepa kumabweza mpweya.

Mliri wa COVID-19 utavuta mu 2020, zipatala zambiri za ku Britain zinatsegula tizipinda timene ankatitcha wobble rooms, toti wogwira ntchito akamva kuti miyendo yalobodoka azikakhalamo kanthawi. Ku New York, chipatala cha Mount Sinai chinasandutsa zipinda zina kukhala malo opumira okhala ndi zomera, kuwala kofewa, zithunzi za chilengedwe ndi phokoso la madzi, ndipo amene ankakhalamo mphindi 15 ankanena potuluka kuti nkhawa yawo yatsika kwambiri. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani zimenezi si zipangizo zake. Ndi liwiro lake. Malo amene kwa zaka zambiri ankati palibe anapezeka m'masiku ochepa, akuluakulu ataopa kuti antchito awo agwa. Ndiye kuti malowo analipo kale.

Tsono ndikuuzeni za chipinda chimene tinapatsidwapo pa chipatala china chimene ndinagwirako. Dzina lake ndilisunga. Chinatsegulidwa pa 12 May, tsiku lokumbukira anamwino padziko lonse, lomwenso ndi tsiku lobadwa la Florence Nightingale, mayi amene anayambitsa unamwino wamakono. Panali riboni, zithunzi, ndi zolankhula zotitcha ngwazi. M'katimo munali mipando iwiri yofewa, kapeti, ndi duwa lapulasitiki. Chipindacho chinali kunyumba ya maofesi, ulendo wa mphindi zisanu ndi ziwiri kuchoka ku wodi yathu, ndipo kiyi yake inkasungidwa ndi mlembi amene ankaweruka 5 koloko madzulo. Ife a usiku sitinalowemo ngakhale kamodzi. A masana ankachita mantha kudutsa pakhomo pa abwana kupita kukakhala pansi. Patatha miyezi ingapo munalowa makatoni a mafayilo, kenako mabedi awiri othyoka. Pa msonkhano wina bwana wina ananena kuti anamwino anapatsidwa chipinda koma sachigwiritsa ntchito, choncho vuto la kutopa ndi longokokomeza. Ndinaluma mlomo. Safunsa anadya phula: palibe ngakhale mmodzi wa ife amene anafunsidwa chipindacho chisanakonzedwe.

Mukanatifunsa tikanakuuzani kuti choyamba ndi kuyandikira. Ngati kupita ndi kubwera kukudya theka la nthawi yopuma, palibe adzapite. Chipinda chikhale poti namwino angathamange n'kufika pa bedi la wodwala m'mphindi imodzi kapena ziwiri, koma chitseko chake chisayang'ane mu wodi. Chisakhale ndi kiyi, kapena kiyiyo izikhala m'thumba la amene akutsogolera shifiti. M'katimo musakhale foni ya wodi, kompyuta yolembera malipoti, kapena bolodi lomatapo zidziwitso ndi machenjezo, pakuti munthu sangapume akuwerenga kalata yomuopseza. Mpando ukhale woti munthu angatambasule miyendo n'kuikweza, chifukwa miyendo yathu imatupa ndipo misempha imatuluka. Getsi likhale loti n'kuchepetsa kuwala. Zenera ngati lilipo, lizitseguka. Madzi akumwa, ketulo, kafiriji kosungira chakudya chimene munthu wabwera nacho, kosiyana ndi firiji ya mankhwala ndi magazi, poti inde zimenezo zimachitika. Chimbudzi cha ogwira ntchito okha chikhale pafupi. Ambiri a ife timadzimana madzi dala kuti tisamafune kutaya madzi pa shifiti, ndipo matenda a chikhodzodzo timawadziwa bwino ngakhale ndife omwe timaphunzitsa odwala kuti azimwa madzi ambiri.

Pali chinanso chimene amuna ambiri a m'makomiti saganizira. Pa anamwino 10 alionse padziko lapansi, pafupifupi 9 ndi akazi. Ambiri amabwerera ku ntchito akuyamwitsa. Ndinaonapo mnzanga akufinya mkaka ataima kuseri kwa chitseko cha sitolo, wina atamugwirira chitsekocho ndi phazi. Katani imodzi ndi mpando umodzi zikanathetsa manyazi amenewo.

Ngati malo alola, pakhale mbali ziwiri. Wina akatopa amafuna kudya, kuseka ndi kufotokozera mnzake zimene zamuchitikira. Wina amafuna chete. Mukawaika pamodzi, wofuna cheteyo amabwerera ku chimbudzi kuja.

Za mipando yotikita thupi, mafuta onunkhira ndi nyimbo zofewa, amene ali ndi ndalama agule. Sizoipa. Koma musadikire zimenezo.

Nkhani yaikulu ndi ya munthu wotsala ndi odwala. Namwino amene wasiya odwala ake opanda wowaona sapuma, ngakhale mutamugoneka pa matiresi a nthenga. Thupi limakhala m'chipinda, makutu ali ku wodi. Amawerenga madontho a dripi m'mutu, amakumbukira mwana amene amapuma mobanika pa bedi la pakona, ndipo pakatha mphindi zinayi amadzuka. Kupuma kwenikweni kumayamba pamene wauza mnzako kuti uyu wamwa mankhwala, uyu umuyang'ane kutentha thupi, uyu mpweya wake uli pa mlingo wakuti, mnzakoyo n'kuyankha kuti pita, ndawatenga. Izi sizingachitike ngati mu wodi muli namwino mmodzi usiku wonse, ndipo sizingachitike ngati nthawi yopuma sinalembedwe pa ndandanda ya ntchito monga mmene imalembedwera nthawi ya mankhwala.

Si zachilendo zimene ndikunenazi. Mu 1977 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano la nambala 149 lonena za anamwino, limene limati pa maola ogwira ntchito, mashifiti ndi kupuma kwa pa sabata, anamwino asachepekedwe poyerekeza ndi antchito ena a m'dziko lawo. Malangizo otsagana nalo, a nambala 157, amati tsiku la ntchito lisapitirire maola 12 kuphatikiza owonjezera, komanso kuti pakhale nthawi yokwanira yodyera ndi yopuma. Ku California, ku America, lamulo loika malire a odwala pa namwino mmodzi linavomerezedwa mu 1999 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2004, ndipo malirewo amagwira nthawi zonse, ngakhale pa nthawi yopuma. Chifukwa cha zimenezi zipatala zinayamba kuika namwino woyendayenda, amene ntchito yake ndi kulandira odwala a anzake mmodzimmodzi kuti akapume. Ndikudziwa kuti si chipatala chilichonse chingakwanitse malire a ku California. Koma namwino mmodzi woyendayenda pa mawodi atatu oyandikana, kuyambira pakati pa usiku mpaka m'bandakucha, ambiri a inu mungamupeze mutafuna.

Ndifike pa nkhani imene timanong'onezana, ya tulo. M'zipatala zambiri namwino akapezeka atatseka maso usiku ndi mlandu. Masiku ano wina amangomujambula pa foni n'kuika pa Facebook, anthu n'kumutukwana osadziwa kuti ali pa usiku wake wachinayi motsatizana. Zotsatira zake anthu amagona mobisala, mutu pa tebulo, opanda wowadzutsa, opanda wotsala ndi odwala, ndipo kugona koteroko ndiye koopsa. Anthu oyendetsa ndege anaphunzira kale. Bungwe la ku America lofufuza za ndege ndi za mumlengalenga la NASA litayesa kupatsa oyendetsa ndege za maulendo aatali mpata wa mphindi 40 woti agone mosinthana, iwo ankagona pafupifupi mphindi 26, ndipo ankakhala atcheru kwambiri pa nthawi yotera kuposa anzawo amene sanagone. Tulo tating'ono totere tisapitirire theka la ola, chifukwa munthu akalowa tulo tofa nato amadzuka mutu uli wolemera, ndipo akadzuka apatsidwe mphindi zingapo asanagwire mankhwala. Lembani zimenezi ngati lamulo la chipatala, musainire, mulimate pa chitseko cha chipindacho. Woyendetsa ndege amanyamula miyoyo ya anthu, ifenso chimodzimodzi. Timasiyana poti iye akalakwitsa zimamveka dziko lonse, pomwe zathu zimatsekeredwa mu fayilo.

Amayi athu amatroni, apa ndilankhule ndi inu makamaka, ndipo nanenso ndidziloze chala. Ife akale tili ndi kamtima konyadira mavuto. Timauza atsikana ndi anyamata ongoyamba kumene kuti ife m'nthawi yathu tinkagwira usiku wonse osakhala pansi. Ine ndinanenapo mawu amenewa kwa mtsikana wina amene ndinamupeza atakhala pa sitepe akudya, ndipo anabisa chakudyacho kumbuyo ngati waba. Ndimakumbukirabe nkhope yake. Chipinda chingakhale chokongola bwanji, wongoyamba kumene sadzalowamo ngati akudziwa kuti amene akumuyang'anira adzamuyesa waulesi. Adzalowamo tsiku limene adzaone inu amayi mutalowamo, mutavula nsapato, mutakweza miyendo. Ndipo mwana akamwalira m'manja mwa namwino, musadikire kuti apemphe. Mugwireni paphewa, mumuuze kuti apite akakhale kaye pansi, odwala ake muwaone ndinu.

Chenjezo langa ndi ili, mabwana: chipindachi chisadzakhale chotitsekera pakamwa. Musadzati, tinakupatsani popumira, mukudandaulanso chiyani? Mpando wofewa sulipira malipiro ochedwa, subweretsa magolovesi, suteteza namwino kwa m'bale wa wodwala amene wabwera ndi ukali n'kumumenya mbama, ndipo suchepetsa odwala pa bedi. Zimenezo tidzapitiriza kuzinena mokweza. Ndasankha kuyamba ndi chipinda chifukwa ndi chinthu chimene mkulu wa chipatala angachite yekha mwezi uno, osadikira unduna kapena bajeti ya chaka chamawa.

Mukafuna kudziwa ngati chikuthandiza, musaike buku pakhomo loti aliyense wolowa alembe dzina ndi nthawi. Bukulo lidzathamangitsa anthu tsiku loyamba. M'malo mwake, pa kutha kwa shifiti iliyonse, wotsogolera alembe kuti ndi angati amene sanapume ndipo chifukwa chiyani. Nambala imeneyo izifika pa tebulo lanu pamodzi ndi ya odwala amene agwa pa bedi, ya mankhwala olakwika, ya anamwino amene adzibaya ndi singano, ndi ya amene apempha tchuthi cha matenda. Pakatha miyezi 6 muziike pamodzi n'kuona nokha.

Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho musatume munthu. Bwerani nokha, osalengeza, cha m'ma 3 koloko usiku. Musabwere ndi fayilo. Mupeze namwino amene ali pa ntchito, mumufunse kuti wadya liti, wamwa madzi liti, ndiponso kuti akafuna kukhala payekha amapita kuti. Kenako mumupemphe akuonetseni chipinda chimene iye akuona kuti chingathe. Adzakutengerani molunjika, chifukwa aliyense wa ife anachiona kale. Chathu chili kumapeto kwa khonde, pafupi ndi wodi ya ana. Muli machira othyoka, sikelo yakale ndi makatoni a mafomu amene anasiya kugwira ntchito. Chili ndi zenera loyang'ana kum'mawa. Ife tili okonzeka kutulutsa katunduyo ndi kukolopa tokha Loweruka likubwerali, mukangotipatsa kiyi.

Ine wanu pa ntchito,
Namwino wa shifiti ya usiku